Wodula Matikiti pa Kamwendo

Ndimafika mame asanaume,
kabuku ka matikiti m'thumba la malaya,
cholembera nditachimangirira pa batani ndi ulusi
chifukwa zitatu zinandithawa kale.

Amayi a tomato akandionera patali amatsitsa mawu.
Wina amavundikira beseni ndi chitenje
ngati tomatoyo sanabadwe.
Ndimadziwa. N'chifukwa chake ndimayambira kwa a makala
kuti ayambe agulitsako kamulu kamodzi.

Dzina langa ndine Yotamu, koma pamsika pano linafufutika.
Amangoti, "A Khonsolo abwera."
Ngakhale Velesi, mlongo wanga wa bere limodzi,
amene anandibereka kumsana chaka chomwe ndinadwala chikuku,
amanditchula choncho,
ndalama n'kundipatsa maso ali pa chiwaya.

Sabata yatha tikiti inakwera mtengo.
Kalata inabwera pa njinga yamoto, chidindo chili psuu,
ndinaimata ndi phala pachitseko cha ofesi.
A Chimbalanga owotcherera zitsulo anaiwerenga mokweza, kawiri,
kenako anati,
"Chimbudzi chija chinagwa ndi mvula ya dzana,
chili pa mzere uti m'kalatamu?"
Ndinaloza chidindo.
Anaseka mpaka kutsokomola.

Madzulo ake, pa wailesi ya telala Mateyu,
munthu wa mawu osalala ankawerenga bajeti.
Mabiliyoni ankatuluka m'kamwa mwake ngati ngumbi pa chulu.
Tinaima anthu asanu ndi awiri pakhonde,
Mateyu atasiya kupalasa makina,
kudikira kuti mwina imodzi itera pa Kamwendo.
Koma ngumbi zimathamangira kumene kuli nyali,
ndipo kuno magetsi anali atazima kuyambira masana.

Mandasi a Velesi akuchepa thupi mwezi ndi mwezi.
Kale limodzi linkadzaza dzanja la mwana wasukulu,
lero amaliponya m'kamwa ngati mtedza.
Iye amawerengetsa ndi zala za mafuta:
msonkho ubisala mu ufa wa tirigu,
ubisala mu shuga,
usambira m'botolo la mafuta,
kenako ubwera wa miyendo iwiri, utavala malaya otuwa.
Umenewu wokha ndi umene uli ndi nkhope,
ndiye ndi umene amautukwana.

Sadziwa kuti malipiro anga ali m'njira miyezi iwiri tsopano.
Akuti fayilo ikudikira siginecha.
Madzulo aliwonse ndimawerenga ndalama za anthu,
zonunkha usipa, zonunkha parafini, zina zomata ndi tepi,
ndimazimanga ndi mphira, kuzilemba m'kaundula,
n'kubwerera kunyumba wapansi.

Lachiwiri usiku Mwandida wanga anatentha thupi.
Kuchipatala anamuyeza bwinobwino, anatilankhula mwaulemu,
n'kutipatsa kapepala: mankhwala awa mukagule.
Chikwama cha khonsolo chinali m'chikhwapa mwanga,
cholemera ndi ndalama za tsiku la msika.
Ndinaima nacho pansi pa mthethe nthawi yaitali.
Chinkafunda ngati nkhuku yoti ikaphedwe.

Ndinapita kwa Velesi.
Sanafunse zambiri. Anamasula mfundo ya chitenje,
kunyowetsa chala, kuwerenga pa bondo,
mapepala ofewa ngati masamba a chisoso.
Atatha anandiyang'ana, koyamba chaka chino.
"Tenga, Yotamu.
Kaya nanenso ndikudulire tikiti?"

Mwandida wadzuka, wamwa phala.
Lero ndi Lachisanu, msika wadzaza mpaka kumsewu.
Ndayambira kwa a makala, ndadutsa a kaunjika,
ndazungulira a nsomba kawiri popanda chifukwa.
Utsi wa chiwaya ukundipeza kulikonse.
Kabuku katsala ndi masamba anayi,
ndipo a ku ofesi amawerenga zitsa zake madzulo.

"A Khonsolo," akutero, osatukula mutu.
Ndikung'amba pang'onopang'ono
kuti pepala lisamveke kulira.